Pamene pakudontha si pamene pabooka

Galimoto yanga inayamba kumwa madzi mwakachetechete. Siinkawira ayi, geji ya kutentha inkangokhala pakati ngati masiku onse, koma m'mawa ndikatsegula boneti injini isanalire ndinkapeza madzi a m'kabotolo kapambali kaja atsika kuchoka pomwe ndinawasiya dzulo lake. Ndiwonjezere, ndiyende, mawa atsikanso. Kenako kunayamba kumveka kafungo kenakake kotsekemera ndikangoimika galimoto n'kuzimitsa injini, ndipo tsiku lina nditaibweza m'mbuyo ndinaona pansi panyowa, kadontho kobiriwira kakang'ono chabe cha kutsogolo mbali ya kumanzere.

Aliyense amene anasuzumira ananena chimodzimodzi, akuti rediyeta yabooka pakona yapansi. Ndipo zinkaonekadi choncho chifukwa ndi pomwe panali ponyowa, panalinso zoyerayera zouma zija zomwe kulanti, madzi a mankhwala oziziritsa injini aja, amasiya akaphwa. Wina anati thiramo ufa uja wotseka mabowo, wina anati pita nayo kwa owotcherera akaikepo moto, wina anati izi za aluminiyamu sizikonzedwa taya ugule ina. Ine chomwe ndinkafuna n'kuliona bowolo ndi maso anga kaye, nde ndinadikira injini izizire bwinobwino, ndinakhuthulira madzi onse mu beseni, kumasula mapaipi awiri aja ndi fani, n'kuinyamula rediyetayo kupita nayo kwa bambo ena achikulire omwe ntchito yawo ndi marediyeta okhaokha.

Zomwe ndinaona kumeneko sizinandichoke m'mutu mpaka pano.

## Chubu cha njinga ndi bafa la madzi

Bambo aja sanayang'ane n'komwe pakona pomwe ndinkawalozera. Anangoti, "Khalani pansi achimwene, itiuza yokha." Anatenga chubu chakale cha njinga chomwe anachidula pakati valavu ili pompo, mbali imodzi anaiveka pakhosi lapamwamba pomwe pamalowa paipi yochokera ku injini, inayo pakhosi lapansi, n'kumanga zolimba ndi makilampu. Chotsekera anachibwezera pamalo pake, kapaipi kopita ku kabotolo anakatseka ndi kamtengo. Ndiye kuti rediyeta yonse yatsekeka, mpweya uzingolowera pa valavu basi. Anapopa ndi pampu ya njinga pang'onopang'ono, chubu chija chitangofufuma iwo n'kusiya.

Ndinafunsa kuti madala bwanji osangogwiritsa kompuresa, inali pomwepo pakona, bwenzi zitafulumira. Anapukusa mutu, akuti kompuresa imang'amba ndi rediyeta yabwinobwino yomwe. Ndipo n'zoona, tayang'anani pa chotsekera cha rediyeta yanu, nthawi zambiri pamalembedwa 0.9 kapena 1.1, imeneyo ndiye pulesha yomwe rediyeta imagwirira ntchito, pafupifupi bar imodzi basi. Kompuresa ya mu garaja imafika 6 mpaka 8 bar osavutika, olo tayala la galimoto limakhala ndi mpweya woposa kawiri pulesha ya rediyeta. Ukaipopa mopitirira, bowo unali nalo limodzi umabwerako ndi thanki ya rediyeta yong'ambika.

Kenako anaimiza yonse mu bafa lakale lodzadza madzi. Poyamba kunatuluka thovu paliponse, ine mtima unagunda kuganiza kuti yonse yaola, koma iwo anangoigwedeza pang'ono n'kunena kuti uwo ndi mpweya wobisala mu tizitsulo topyapyala tija ta pakati pa timapaipi ta rediyeta, tidikire madzi adekhe. Tinakhala chete tonse awiri titawerama pa bafa. Madzi atadekha ndinathamangira kuyang'ana pakona yapansi paja. Zii, olo kathovu kamodzi. Bambo aja anaitembenuza rediyeta kuti mbali yoyang'ana ku fani ikhale pamwamba, ndipo pomwepo ndinaona kamzere ka timathovu tating'onoting'ono, tosalekeza, tikukwera kuchokera pamwamba penipeni, pomwe kapaipi kachitatu kuchokera m'mphepete kamalowa mu puleti ya pansi pa thanki yapamwamba. Bowolo silinkaoneka n'komwe ndi maso, kunali kamng'alu kakang'ono m'mbali mwa kapaipi, koma thovu linkatuluka ndithu mosadukiza.

"Mwaona achimwene," anatero akuikapo chizindikiro ndi choko ataivuula, "madzi satuluka n'kugwa pomwepo. Amatsata kapaipi kutsika, fani n'kuwaomba, amakaonekera komwe angapeze podonthera." Kuchokera pa bowo kufika pakona yonyowa paja panali mtunda wa rediyeta yonse, kuchoka pamwamba mpaka pansi.

Ndinakhala ndikuyang'ana chizindikiro cha chokocho kwa kanthawi. Anthu onse aja sanali kunama, analoza pomwe anaona madzi. Koma wowotcherera akanaika moto pakona yapansi akanawononga malo abwino, bowo lenileni likadali pamwamba. Kuyambira tsiku limenelo munthu akandiuza kuti rediyeta ikutaya apa, ndimayamba ndafunsa kuti mwaipopa kapena mwangoona ponyowa. Ngati simukufuna kuichotsa pa galimoto, pali kapampu ka m'manja kokhala ndi geji kamene kamamangidwa pomwe pamakhala chotsekera, mumapopa kufika nambala ya pa chotsekera chanu osapitirira, injini itazizira, n'kuyang'ana ndi tochi komwe kadontho koyamba katulukire. Madzi a sopo opopera pamwamba amathandizanso ngati mkati muli mpweya wokha. Nthawi zinanso mupeza kuti si rediyeta n'komwe, ndi paipi ya labala yomwe yatha pansi pa kilampu, kapena pampu ya madzi.

## Bwanji osangowotcherera

Ili ndi funso lomwe ndinafunsa bowo litapezeka. M'malo moyankha anatenga chidutswa cha rediyeta yakufa pa mulu wa zitsulo, kuyatsa gasi, n'kunena kuti "muziyang'ana, mundiuze ikafiira." Ndinayang'anitsitsa. Siinafiire. Inali yoyera chonchija ngati palibe chomwe chikuchitika, kenako mwadzidzidzi kapaipi kanangofwafwanyika n'kugwera mkati, tizitsulo ta m'mbali tinapindikana, panatsala chibowo choti chala chilowe. Zonsezi m'kanthawi kosakwana kupuma kawiri.

Chitsulo wamba chimachenjeza, chimafiira kaye kenako chikasu, wowotcherera amadziwa pomwe ali poona mtundu. Aluminiyamu alibe chenjezo limenelo, amasungunuka pa 660°C asanasinthe mtundu woti maso aone, ndipo wosakaniza yemwe amapangira marediyeta amasungunuka pansi pang'ono pa pamenepo. Timapaipi take ndi topyapyala kwambiri, khoma lake ndi ngati mapepala atatu a mu kope ophatikiza, nthawi zina kucheperapo. Ndiye moto wa gasi womwe umadula zitsulo, pa kanthu kotere, mukuona nokha.

Marediyeta akale a mkuwa ndi omwe anatizoloweza kuti rediyeta imakonzedwa ndi moto. Aja ankalumikizidwa ndi mtovu womwe umasungunuka cha m'ma 200°C pomwe mkuwa weniweniwo umafuna kupitirira 1000°C, nde mmisiri anali ndi mpata waukulu wosewera ndi moto popanda kuboola kanthu, amatha kuchotsa thanki yonse, kutsuka timapaipi kamodzikamodzi n'kuibwezera. Ya aluminiyamu ku fakitale imalumikizidwa mu ng'anjo yotsekeka pa kutentha kwa pafupifupi 600°C, mkati muli mpweya wa nitrogen kuti oxygen asalowerere. Taonani kuyandikana kwa 600 ndi 660. Makina ndi omwe amakwanitsa kusunga kampata kameneko, dzanja la munthu ndi gasi n'zovuta kwambiri.

Palinso vuto lina lomwe silioneka. Aluminiyamu akangokumana ndi mpweya amadzikuta ndi kakhungu kopyapyala kolimba, kameneka ndi komwe kamamuteteza kuti asachite dzimbiri ngati chitsulo, koma kamasungunuka pa kutentha kopitirira 2000°C. Ndiye kuti mkati mwasungunuka kale, kakhungu kakadali pamwamba kukaniza chilichonse kugwira. Mtovu wamba ukauika pa aluminiyamu umangogubuduka ngati sukumudziwa, chifukwa chake n'chimenechi.

Sindikunena kuti moto sugwira ntchito konse. Pali timitengo ta zinc wosakaniza ndi aluminiyamu tomwe timasungunuka pansi pa 400°C, ndipo mmisiri wodziwa amatha kutseka nato bowo la mwala pakati pa rediyeta, amatenthetsa chitsulocho osati kamtengoko, kamtengo kazisungunuka kokha kakakhudza chitsulo, n'kumakanda pansi pa zosungunukazo kuti kakhungu kaja kasweke. Marediyeta omwe ndi aluminiyamu yekhayekha mpaka mathanki omwe, thanki ikang'ambika imawotchereredwa ndi makina a magetsi otchedwa TIG chifukwa pamenepo chitsulo n'chochindikala. Koma yanga, ngati za magalimoto ambiri a masiku ano, mathanki ake ndi a pulasitiki, ndipo pakati pa thanki ndi puleti pali labala yozungulira yomwe imapanidwa ndi timano tija topindira. Bowo langa linali pafupi kwambiri ndi labalayo. Aluminiyamu amayendetsa kutentha msanga, ukatenthetsa apa pafika kale apo, nde moto ukanapsereza labala n'kufewetsa pulasitiki, bowo limodzi kutseka, mzere wonse kutseguka. Anasankha epoxy, guluu wolimba uja wochita kusakaniza mbali ziwiri.

## Ntchito yonse ili pa kutsuka

Kunena zoona nditamva kuti epoxy ndinakhumudwa pang'ono, ndinali nditaonapo marediyeta omatidwa zimatope zotuwa zomwe zimasendeka ndi chikhadabo. Koma nditaona momwe anachitira ndinamvetsa kuti zomwe zimasendeka zija vuto si guluu, ndi pomwe anamuika.

Anayamba ndi kutsuka mkati ndi madzi oyera mpaka otuluka anasiya kuterera. Kulanti ndi woterera m'manja, ndipo akatsalira mkati amapitiriza kutuluka pang'onopang'ono pa bowo paja n'kunyowetsa malo omwe mwayeretsa, epoxy sagwira pamenepo olo mutamugula wabwino bwanji. Kenako anaiumitsa, kuiimika padzuwa makosi onse ali otsegula, ndipo sanafulumire nayo. Itauma anatenga kapulayazi kosongoka n'kuyamba kuzula tizitsulo topyapyala tozungulira kapaipi kaja, mbali zonse ziwiri, malo okwana chala chimodzi, mosamala kwambiri kuti asaboole kapaipi koyandikana nako. Apa ndi pomwe ambiri amadumpha, amangopaka pamwamba pa tizitsulo epoxy osafika pa bowo penipeni, madzi n'kumadutsa pansi pake.

Malo atatseguka anapopera mankhwala otsukira mabuleki, anadikira aphwe, n'kukwecha ndi kabulashi ka waya wosachita dzimbiri. Kabulashi kameneka akuti sakagwiritsa pa chitsulo china chilichonse, chifukwa bulashi yomwe yakwechapo chitsulo wamba imasiya tizidutswa take mu aluminiyamu ndipo pamenepo pamadzayamba kudyeka. Kenako kasandipepala kopindidwa kuti kalowe pakona, kukwecha mpaka kapaipi ndi puleti zinawala, kupoperanso mankhwala aja. Nditatambasula dzanja kuti ndikhudze anandigwira mkono. "Ayi achimwene, thukuta la chala lokha likwanira kuononga."

Epoxy anali atamukonzeratu pambali, wa machubu awiri uja, womatira zitsulo komanso wopirira kutentha, wouma pang'onopang'ono. Aja ouma mphindi 5 ambiri amafewa injini ikatentha, si a ntchito imeneyi. Anafinya mbali ziwiri zofanana pa katoni, kusakaniza mpaka mtundu unakhala umodzi wopanda mizere, anafunditsa pang'ono malo a bowo ndi mpweya wotentha kuti epoxy akafika apyapyale alowe mu mng'alu, kufunda koti dzanja lipirire osati kuotcha. Rediyeta anaitsamiritsa mozondoka kuti epoxy aziyenderera kupita pa puleti osati kuthawa, n'kumamukanikiza ndi kamtengo mozungulira kapaipi konse, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka anapanga mkombero wogwira kapaipi ndi puleti pamodzi. Sanaunjike chimulu. Pakati pa kukwecha komaliza ndi kupaka sipanadutse nthawi, chifukwa kakhungu kaja kamayamba kubwerera nthawi yomweyo ndipo fumbi silidikira.

Kenako anati ndibwere mawa. Epoxy wa mtundu umenewu amafuna maola 15 mpaka 24 kuti alimbe mokwanira, kukhala wouma pamwamba sikutanthauza kuti mkati mwalimba, ndipo ambiri amaononga ntchito yabwino pothira madzi n'kuliza injini tsiku lomwelo. Mawa lake chubu cha njinga chinabwereranso, bafa lomwe lija, ndipo madzi atadekha panalibe thovu paliponse.

## Si bowo lililonse lomwe limamva

Apa ndinene mosabisa chifukwa ena akawerenga za epoxy athamangira kumata chilichonse. Bowo limodzi la mwala pa kapaipi, kapena kamng'alu ngati kanga, limakonzeka ndipo likhoza kukhala nthawi yaitali. Kapaipi komwe kaphwanyika kwambiri amisiri amakadula pakati, kupinda nsonga zonse ziwiri, kufinya ndi pulayazi n'kumata, kameneko kafa koma rediyeta ili ndi timapaipi tambiri, kamodzi kapena tiwiri siimva kusowa kwake. Mukayamba kupha tambiri ndiye mwachepetsa rediyeta yanu, idzakuuzani pa chitunda tsiku lotentha.

Thanki ya pulasitiki ikang'ambika ndi nkhani ina. Pulasitiki imeneyi ndi nayiloni yosakaniza ndi ulusi wa galasi, epoxy sagwira bwino pa nayiloni, ndipo thanki imafufuma ndi kubwerera nthawi iliyonse injini ikatentha n'kuzizira. Nthawi zambiri imang'ambika pafupi ndi khosi lapamwamba pomwe pamafikira madzi otentha kwambiri, mukaona pulasitiki yomwe inali yakuda yasanduka yotuwira kapena yabulauni ndiye kuti yapsa, yayamba kufumbutuka, mukamata apa ing'ambikira patsogolo. Kumata thanki n'kongokufikitsani komwe mukupita. Ikamadontha pa mzere wa timano tija ena amafinya timanoto pang'ono ndi pulayazi, pena zimatheka, koma timano ta aluminiyamu tikapindidwa kawiri katatu timathyoka, ndipo ngati labala ya mkati yauma kufinya sikuthandiza.

Mukaimiza m'madzi n'kuona thovu likutuluka malo angapo pa timapaipi tosiyanasiyana popanda chomwe chinaimenya, imeneyo yadyeka kuchokera mkati, musataye nthawi. Ndipo kwa a magalimoto a automatic, ambiri amakhala ndi kapaipi ka oyilo wa giyabokisi kodutsa mkati mwa thanki ya rediyeta kuti oyiloyo azizizira. Kameneka kakabooka kulanti ndi oyilo zimasakanikirana, mupeza zinthu zapinki zathovu mu rediyeta kapena pa dipisitiki ya giyabokisi. Pamenepo musayendetsenso, palibe chomata, ndipo giyabokisi ndi yomwe ili pa ngozi.

## Chinaibooletsa n'chiyani

Ndikunyamula rediyeta kuti ndizipita, bambo aja anandifunsa ngati timalabala tomwe rediyeta imakhalira ndinatiyang'ana. Akuti mng'alu wa pamalo ngati amenewo, pomwe kapaipi kamalowa mu puleti cha m'mphepete, nthawi zambiri umabwera ndi kugwedezeka kapena kupotoka. Nditafika pa galimoto ndinapita molunjika pamenepo. Kalabala ka pamwamba mbali yomweyo ya bowo kanali katatha, kataphwatalala n'kung'ambika pakati, kachitsulo ka rediyeta kankagunda pa bulaketi mwachindunji, panali mpaka pofufutika powala. Kanthu kakang'ono koti munthu sungakaganizire. Ndikanabwezera rediyeta pa kalabala komweko, olo ikanakhala yatsopano, nkhani ikanabwerera.

Ichi ndi chomwe chinandisintha kwambiri, kuposa epoxy. Rediyeta siibooka popanda chifukwa, ndipo zifukwa zake si zambiri. Chachikulu ndi madzi okha opanda kulanti. Anthu ambiri amaganiza kuti kulanti ndi wa kumayiko ozizira kuti madzi asaundane, n'zoona mukamusakaniza ndi madzi theka ndi theka amateteza mpaka cha m'ma -37°C, koma muli mankhwala otchinjiriza aluminiyamu kuti asadyeke, ndipo amenewo ndi ofunika kulikonse. Madzi wamba ali ndi mchere ndi miyala yosungunuka, amakumba timaenje mkati mwa timapaipi topyapyala tija komanso kusiya zokhakhala zotseka njira. Mankhwala aja amathanso mphamvu ndi zaka, nde kulanti wakale yemwe wasanduka wabulauni sakutetezanso kanthu. Posakaniza gwiritsani madzi opanda mchere aja otchedwa distilled, ndipo mtundu wa kulanti tsatirani buku la galimoto yanu, osangoona utoto wake, chifukwa mitundu ina ikasakanikirana imapanga zamatope.

Chotsekera nachonso anthu amachiderera. Muli kasipuling'i komwe kamasunga pulesha, ndipo pulesha imeneyo ndi yomwe imakweza pomwe madzi amawira, kulanti wa theka ndi theka amawira cha m'ma 107°C pamtetete koma pansi pa chotsekera chabwino amapirira kupitirira 120°C. Chikafooka madzi amawira msanga n'kumatayikira ku kabotolo, chikakanirira kapena mukaika cha nambala yaikulu kuposa yoyenera pulesha imakafuna potulukira pena, ndipo imapeza pofooka.

Choopsa kwambiri ndi gasiketi ya hedi, yomwe imatseka mpata pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake. Ikapsa mpweya wa mu silinda umalowa m'madzi n'kufufumitsa chilichonse, mapaipi amalimba gwa injini itangolira kumene isanatenthe, ndipo mukachotsa chotsekera injini ili yozizira n'kuiliza mumaona thovu likubwera mosalekeza pakhosi. Amakaniko ali ndi mankhwala abuluu oyezera omwe amasanduka achikasu ngati muli utsi wa injini. Galimoto yotere mutha kusintha marediyeta mpaka kutopa. Palinso nkhani ya magetsi, waya wa earth, wobwezera magetsi ku batire uja, akakhala womasuka kapena wadzimbiri magetsi amatha kudutsa m'madzi a rediyeta pofuna njira yobwerera ku batire, ndipo amadya aluminiyamu mofulumira. Ngati rediyeta yatsopano yayamba timabowo patangopita miyezi yochepa, uzani wamagetsi ayang'ane pamenepo.

## Za ufa wothira mkati uja

Sindiukonda, ndinene choncho. Umagwira ntchito poyandama m'madzi mpaka utapeza kabowo n'kuunjikana, koma suzindikira kuti ili ndi bowo loipa, iyi ndi njira yabwino. Timapaipi ta rediyeta ya aluminiyamu ndi topapatiza, ta hita ya mkati mwa galimoto ndiye kuposa, ndipo rediyeta yomwe ili kale ndi zokhakhala ufa umangomalizitsa kutseka. Kudontha kumasiya, munthu n'kusangalala, kenako geji iyamba kukwera pa mtunda osadziwa chifukwa. Ngati muli patali usiku palibe njira ina, thirani botolo limodzi monga alembera mufike, koma mukafika itsukeni n'kufufuza bowo. Kuthira lachiwiri ndi lachitatu ndiye ayi.

## Pobwezera

Ndinaika timalabala tatsopano pamwamba ndi pansi pomwe, chotsekera chatsopano cha nambala yomweyo, ndipo paipi yapamwamba ndinaisintha chifukwa inali itafewa pafupi ndi kilampu. Kulanti wakale uja wa mu beseni ndinamuthira mu chigubu chotseka. Chonde pa ichi samalani, kulanti wambiri ndi ethylene glycol, amatsekemera koma ndi poizoni woononga impso, galu kapena mphaka akanyambita pang'ono chabe akhoza kufa, mwana ndiye musayerekeze kusiya beseni poyera kapena kuthira mu botolo la zakumwa.

Kuthira madzi atsopano kuli ndi kachitidwe kake chifukwa mpweya umatsalira mu injini. Ndinaimika galimoto kutsogolo kutakwera pang'ono, hita ndinaika pa kutentha kwambiri, kuthira pang'onopang'ono mpaka pakhosi, kufinyafinya paipi yapamwamba kuti thovu lituluke, n'kuliza injini chotsekera chili pambali. Kwa kanthawi palibe chimachitika, kenako thermostat, kavalavu kolola madzi kupita ku rediyeta injini ikatentha, ikatseguka, zambiri zimatseguka pakati pa 80 ndi 90°C, madzi amatsika mwadzidzidzi ndipo paipi yomwe inali yozizira imayamba kutentha, pamenepo mumawonjezera. Ndinadikira mpaka fani inazungulira n'kusiya, hita ikutulutsa mpweya wotentha, nde ndinatseka n'kudzadza kabotolo mpaka pa mzere. Magalimoto ena ali ndi kabawuti kotulutsira mpweya pamwamba pa injini, ngati kalipo kagwiritseni. Mawa lake injini itazizira madzi anali atatsika pang'ono, zimenezo n'zachidziwikire mpweya wotsala ukatuluka, ndinawonjezera, ndipo kuchokera pamenepo sanasunthenso.

Chinthu chimodzi chomwe ndikufuna aliyense adziwe za geji. Kachipangizo koyeza kutentha kamayeza madzi, ndiye madzi akatsika kwambiri kamakhala pa mpweya ndipo geji ikhoza kuoneka bwinobwino, olo kutsika kumene, injini ikupsa. Hita ikasiya kutentha mwadzidzidzi muli pa ulendo, imani, kawirikawiri ndiye kuti madzi atha. Ndipo mukaima musatsegule chotsekera injini ili yotentha olo mutakulunga nsanza, madzi aja ali kupitirira 100°C ndipo pulesha ikangochoka amasanduka nthunzi n'kuphulikira kumaso. Dikirani paipi yapamwamba izizire ndi kufewa. Musathirenso madzi ozizira mu injini yowira, hedi ya aluminiyamu imapindika kapena kung'ambika.

Epoxy uja akugwirabe. Ndimamuyang'ana ndi tochi ndikamaona oyilo, ndimayendetsa chala pansi pa puleti kuona ngati pali chinyezi kapena zoyerayera zija, ndimagwedezanso rediyeta ndi dzanja kumva ngati timalabala tikadali tolimba. Ndikudziwa kuti rediyetayi ndi yakale ndipo mathanki ake ayamba kutuwa cha pakhosi, nde ndalama ya ina ndayamba kuika pambali. Ndikadzaona thovu pa kapaipi kena kapena mng'alu pa pulasitiki sindidzamatanso, ndidzagula yatsopano n'kuikhazika pa timalabala tomweti.